Kulimba mutu pa mowa si thanzi la ubongo

Funso: Adokotala, ndili ndi zaka 44 ndipo mowa ndinauyamba ndili ndi zaka 19. Masiku ambiri ndikaweruka ndimamwa mabotolo 4, Loweruka ndimatha kufika 10. Sindidzandira, sindichita ndewu, kuntchito sindijomba, moti anzanga amanditama kuti ndine wolimba mutu. Koma chaka chino kawiri konse ndadzuka osakumbukira mmene ndinafikira kunyumba, chonsecho akuti ndinkacheza bwinobwino. Mayina a anthu ayamba kundithawa, ndipo m'mawa manja amanjenjemera pang'ono. Amalume anga ankamwa kwambiri, ndipo chakumapeto kwa moyo wawo ankasimba zinthu zoti sizinachitike. Kodi ubongo wanga wayamba kuwonongeka? Ndikasiya, ungachire?

Yankho: Bambo, mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Ndiyambira pa chinthu chimene anzanu amakutamani nacho, chifukwa m'kalata yanu yonse chimenecho n'chimene chandidetsa nkhawa kuposa mayina akuthawawo. Munthu womwa mabotolo 10 n'kumayenda mowongoka sanabadwe ndi ubongo wachitsulo. Ubongo wake wasintha kagwiridwe ka ntchito kuti uzitha kukhalira limodzi ndi mowa, ndipo kusintha komweko n'kumene kukugwedeza manja anu m'mawa.

Choledzeretsa mu mowa wamtundu uliwonse ndi chimodzi, dzina lake ethanol. Ubongo uli ndi chotchinga chimene chimakaniza zinthu zambiri zoyenda m'magazi kuti zisalowe, koma ethanol amangodutsa ngati palibe kanthu, ndipo pakatha mphindi zowerengeka mutameza amakhala atafika kale. Akafika amasokoneza mauthenga amene maselo a ubongo amatumizirana. Pa timadzi tambirimbiri tonyamula mauthengawa, tiwiri ndi timene tikukhudza nkhani yanu. GABA ndi woziziritsa, amauza maselo kuti adekhe. Glutamate ndi wokolezera, amawauza kuti agalamuke agwire ntchito. Mowa umawonjezera mphamvu ya GABA n'kufooketsa glutamate. N'chifukwa chake botolo loyamba limamasula thupi manyazi n'kutha, pofika lachisanu lilime lalemera miyendo yayamba kusemphana.

Ubongo sungaponderezedwe chonchi tsiku ndi tsiku osachitapo kanthu. Taganizirani anthu awiri akukankhana chitseko, wina kunja wina mkati. Mowa ukukankha kuti zonse zizizire, ubongo nawo ukukankha kuti zinthu zisaime: umachepetsa kumvera GABA n'kuchulukitsa malo olandirira glutamate. Pakapita zaka chitsekocho chimaoneka ngati changoima phee, oonerera n'kumati munthuyu ndi wolimba mutu. Koma usiku mukugona chiwindi chimakhala chikuchotsa mowa m'magazi, ndiye pofika m'mawa wakunja uja wachoka, wamkati n'kutsala akukankhabe ndi mphamvu zake zonse. Kunjenjemera manja, thukuta, mtima kugunda mofulumira, kamantha kosadziwika kochokera, zonsezi ndi ubongo ukugwa chafufumimba chifukwa chitseko chatseguka mwadzidzidzi. Amenewo si matsire wamba.

Choncho ndisanapite patali, ndikupempheni chinthu chimodzi: musasiye mowa lero ndi lero muli nokha kunyumba. Ndikudziwa kuti n'zodabwitsa kumva dokotala akutero. Kwa munthu amene thupi lake lazolowera mowa mpaka kumanjenjemera, zizindikiro zosiyira zimayamba pakatha maola 6 mpaka 24 chimwereni botolo lomaliza. Ena amagwa n'kumaphupha ngati akhunyu, kawirikawiri m'masiku awiri oyambirira. Pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi, ochepa mwa iwo amadwala matenda otchedwa delirium tremens: mutu umasokonezeka, thupi limatentha, munthu amaona tizilombo tikuyenda pakhoma pomwe palibe kanthu, ndipo akapanda kuthandizidwa akhoza kufa. Kuchipatala zimenezi timazipewa ndi mankhwala ngati diazepam, amene amagwirizira chitseko chija kwa masiku angapo n'kumachisiya pang'onopang'ono. Dziwaninso kuti kusiya n'kuyambiranso, kusiya n'kuyambiranso, kumachititsa kuti ulendo uliwonse wotsatira ukhale woopsa kuposa wam'mbuyo. Ndi bwino kukonzekera mokwanira n'kusiya mothandizidwa.

Tibwere ku masiku awiri aja munadzuka osadziwa mmene munafikira kunyumba. Kunena zoona, simunaiwale. Munthu amaiwala chinthu chimene anasunga, koma apa palibe chimene chinasungidwa. Mkati mwa ubongo, cha kumbali zonse ziwiri, muli kachigawo kotchedwa hippocampus, kamene ntchito yake ili ngati ya mlembi pamsonkhano. Kuti kalembe zatsopano kamadalira glutamate yemwe uja mowa umamufooketsa. Mowa ukakwera kwambiri m'magazi, mlembi amagona koma msonkhano umapitirira. Mumacheza, mumaseka, mumalipira, mumatsanzika, chifukwa zigawo zolankhulira ndi zoyendera zikugwirabe ntchito, koma m'mawa kaundula alibe kalikonse. Ngakhale anzanu akukumbutseni chotani, ngati mlembiyo anagoneratu sizibwera. Izi zimakonda kuchitika mowa ukafika cha m'ma 0.16 peresenti m'magazi, kuwirikiza kawiri mlingo wa 0.08 umene ku England amaletsera munthu kuyendetsa galimoto, makamaka ukakwera mofulumira chifukwa chomwa mothamanga, kumwa ndi njala kapena kusakaniza ndi mowa waukali. Kuchitika kamodzi sikutanthauza kuti ubongo wawonongekeratu. Koma kumatiuza kuti mukufika pa mlingo woopsa inu muli chiimire, ndipo munthu wa mutu wopepuka akanakhala atagona kalekale asanafikepo. Funso limene mungadzifunse panokha ndi lakuti, masiku amenewo kunyumba munafika pa chiyani, ndipo ankayendetsa ndani?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Botolo la mamililita 330 la mowa wa 5 peresenti limakhala ndi magalamu pafupifupi 13 a ethanol. Ku Britain amayeza mowa ndi mayunitsi, yuniti imodzi ndi magalamu 8. Mabotolo 4 kwa masiku asanu, kuwonjezerapo 10 a Loweruka, akukwana 30, omwe ndi mayunitsi pafupifupi 50 pa sabata. Kuyambira mu 2016, akuluakulu a zaumoyo kumeneko amalangiza kuti mwamuna kapena mkazi asamapitirire mayunitsi 14 pa sabata, omwe ndi mabotolo ngati 8. Inu mukuwirikiza mlingowu katatu n'kupitirira. Ndipo odwala anga akandiuza kuti 4, ndimadziwa kuti masiku ena amakhala 6. Sikuti amanama ayi, koma masamu a pamowa amayenda bwino pa mabotolo awiri oyamba okha.

Nanga mlingo wotere umauchita chiyani ubongo pakapita zaka? Mu 2017 magazini ya zachipatala ya BMJ inafalitsa kafukufuku wa akatswiri a ku Oxford ndi London, wotsogoleredwa ndi Anya Topiwala. Anatsatira anthu 550 ogwira ntchito m'boma la Britain kwa zaka 30, kenako n'kujambula ubongo wawo ndi makina a MRI. Amene ankamwa mayunitsi oposa 30 pa sabata ndi amene anali pachiopsezo chachikulu chakuti hippocampus yawo ifote, pafupifupi kuwirikiza ka 6 poyerekeza ndi osamwa. Ngakhale omwa mayunitsi 14 mpaka 21 chiopsezo chawo chinali chowirikiza katatu. Omwa kwambiri ankatsikanso msanga pa mayeso otchula mawu ambiri oyamba ndi chilembo chimodzi m'mphindi imodzi, zomwe sizili kutali ndi dandaulo lanu la mayina. Chimene ndikufuna muone n'chakuti anthuwa sanali zidakwa zogona m'ngalande. Anali anthu ovala bwino, osajomba kuntchito, ngati inu nomwe.

Kafukufuku wina wa mu 2022, amene anaunika zithunzi za ubongo wa anthu oposa 36,000 a mu UK Biobank, nkhokwe yaikulu ya mbiri za umoyo wa anthu ku Britain, anasonyeza kuti kuwonongekaku sikukwera mofanana pa botolo lililonse. Kwa munthu wa zaka 50, kuchoka pa yuniti imodzi patsiku kufika pa ziwiri kunkafanana ndi kukalambitsa ubongo ndi zaka ziwiri, pomwe kuchoka pa ziwiri kufika pa zitatu kunkafanana ndi zaka zitatu ndi theka. Mabotolo omalizira ndi amene amawononga kwambiri. Ziwerengerozi ndi za gulu la anthu, sizilosera za munthu mmodzi, koma zonse zikuloza mbali imodzi.

Mwina munamvapo zoti botolo lililonse limapha maselo a ubongo masauzande. Kumeneko n'kukokomeza, ndipo zoona zake n'zolimbikitsa kwa inu. Mu 1993 akatswiri a ku Denmark anawerenga maselo m'chikuto cha ubongo wa anthu amene anamwalira ali akumwa kwambiri, ndipo sanapeze kusiyana kwenikweni ndi a anthu osamwa. Chimene chinachepa ndi minyewa yoyera ya mkati, imene ili ngati mawaya olumikiza chigawo china ndi chinzake. Pali malo ena amene maselo amafadi, makamaka kutsogolo kwa ubongo ndi ku cerebellum, chigawo cha kunkhongo chothandiza munthu kuyenda mosapepesuka. Koma kufota kwambiri kumachokera ku mawayawo ndi tinthambi ta maselo, ndipo zimenezi zimatha kukonzeka mowa ukachoka. Chomvetsa chisoni n'chakuti kutsogolo kwa ubongo n'kumene kumagwira ntchito yodziletsa ndi kuganizira za mawa. Mowa umafooketsa chigawo chomwecho chimene munthu akufunikira kuti anene kuti basi ndakwana. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi anthu onena kuti wolephera kusiya mowa ndi wofooka mtima chabe. Chigawo chimenechi chimamaliza kukhwima cha m'ma zaka 25, ndiye inu munayamba kuchithira mowa chisanakhwime.

Za amalume anu ndichedwapo pang'ono, chifukwa ndikuona kuti n'zimene zakuchititsani mantha. Zimene mwafotokoza zikufanana kwambiri ndi matenda otchedwa Wernicke-Korsakoff. Gwero lake si ukali wa mowa wokha, koma kusowa kwa vitamini B1, wotchedwanso thiamine, amene maselo a ubongo amafunikira kuti asandutse shuga kukhala mphamvu. Thupi limasunga vitamini ameneyu wokwanira masabata awiri kapena atatu okha. Womwa kwambiri amamusowa m'njira zitatu: mowa umalepheretsa matumbo kumuyamwa, chiwindi chotopa sichimusunga bwino, ndipo munthuyo nthawi zambiri sadya mokwanira poti mowa wadzaza kale m'mimba.

Gawo loyamba la matendawa analifotokoza ndi dokotala wa ku Germany, Carl Wernicke, mu 1881. Limabwera mwadzidzidzi: munthu amasokonezeka mutu, amadzandira ngakhale asanamwe, maso amagwedezeka okha kapena amaona zinthu ziwiriziwiri. Zizindikiro zitatuzi sizionekera pamodzi mwa odwala ambiri, ndiye achibale, nthawi zina ngakhale achipatala, amangoti waledzera, mulekeni agone. Pamenepo m'pamene nthawi imatayikira, chifukwa thiamine wa jakisoni kapena wa m'diripi akaperekedwa msanga, munthu amatha kubwerera mwakale. Mapiritsi paokha sakwanira pa nthawi imeneyi. Akachedwa, ambiri amalowa gawo lachiwiri, limene dokotala wa ku Russia, Sergei Korsakoff, anayamba kulifotokoza mu 1887. Apa mlembi uja sanangogona, wachokeratu. Wodwala wotere mukhoza kumupatsa moni, kucheza naye, n'kutuluka, mukabwerera pakatha mphindi khumi amakulandirani ngati mlendo wongofika kumene. Mukamufunsa kumene anali dzulo, ubongo umatola zidutswa zakale n'kulumikiza nkhani yomveka bwino, iye n'kumaikhulupirira ndi mtima wonse. Ngati zinali choncho, amalume anu sankanama ndipo sanali amisala. Mwa odwala ofika pa gawoli, pafupifupi mmodzi mwa anayi aliwonse amachira bwino, theka amapezako bwino pang'ono, otsalawo sasintha. Koma kupewa kwake n'kosavuta, moti dziko la Australia linalamula mu 1991 kuti ufa wophikira buledi uziikidwa thiamine, ndipo matendawa anachepa.

Matendawa si akumtundu, simungawatengere kwa amalume. Chimene chimayenda m'magazi ndi kutengeka msanga ndi chizolowezi cha mowa, ndipo pafupifupi theka la chiopsezo chimenechi munthu amabadwa nacho. Katswiri wina, Marc Schuckit wa ku San Diego ku America, anatsatira anyamata kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti amene mowa sunkawagwira msanga ali ndi zaka za m'ma 20 ndi amene ambiri anadzakhala akapolo a mowa atakula. Kulimba mutu kuja ndiye msampha wake, chifukwa munthu alibe chomuchenjeza. Ngati muli ndi ana osinkhuka, auzeni zimenezi mosabisa.

Kuti muone kukula kwa nkhaniyi, ku France anaunika mabuku a m'zipatala a zaka za 2008 mpaka 2013. Pa anthu oposa 57,000 amene anadwala matenda oiwalaiwala a dementia asanakwanitse zaka 65, oposa theka anali ndi vuto lokhudzana ndi kumwa mowa mwauchidakwa.

Mowa uli ndi njira zinanso zofikira ku ubongo. Umakweza kuthamanga kwa magazi, ndipo kumeneko n'kumene sitiroko imachokera. Womwa amagwa kawirikawiri, ndipo ubongo ukafota timitsempha ta pakati pa ubongo ndi chigaza timakokeka, moti kugunda mutu pang'ono kukhoza kuyambitsa kukha magazi mkati kumene kumadzaonekera patatha masabata. Chiwindi chikawonongeka, zoipa zimene chinkasefa zimafika ku ubongo n'kuusokoneza. Nkhawa ndi kukhumudwa, zimene ambiri amati akuzimwera, mowa umazikulitsa. Ndiye pali tulo. Mowa umagonetsa msanga koma umaba tulo tamaloto, n'kumudzutsa munthu m'bandakucha, pomwe ubongo umasanja zimene waphunzira masana munthu ali mtulo. Ndikukhulupirira kuti mbali yaikulu ya mayina akukuthawaniwo ikuchokera pamenepa ndi pa ubongo wosakhazikika wa m'mawa uja, ndipo zimenezi n'zochizika.

Anzanu ena akuuzani kuti kumwa pang'ono kumateteza mtima ndi ubongo. Maganizowa anachokera ku kafukufuku wakale amene m'gulu la osamwa ankaphatikizamo anthu amene anasiya mowa chifukwa chodwala, ndiye omwa pang'ono ankaoneka athanzi powayerekeza ndi odwalawo. Kafukufuku wa anthu pafupifupi 500,000 ku China, wofalitsidwa mu 2019, anagwiritsa ntchito chibadwa cha anthu pothetsa chisokonezochi, ndipo anapeza kuti chiopsezo cha sitiroko chimangokwera mowa ukamachuluka, palibe pamene umateteza. Mu 2023 bungwe la WHO linanena poyera kuti palibe mlingo wa mowa umene tinganene kuti ndi wosavulaza thanzi.

Tsono ungachire? Inde, ndipo kwa munthu wa zaka 44 amene akugwirabe ntchito komanso walemba kalata yolongosoka chonchi, mwayi ndi waukulu. Zithunzi za MRI zimasonyeza kuti ubongo umayamba kubwezeretsa kukula kwake m'masabata oyambirira munthu atasiya, ndipo kukumbukira, kutchera khutu ndi kuganiza mofulumira zimapitirira kukonzeka kwa miyezi, mpaka chaka kapena kuposerapo. Zovuta kubwerera ndi kuwonongeka kwa cerebellum ndi matenda a Korsakoff, ndipo m'kalata yanu simukumveka zizindikiro za zimenezo. Koma ndikuchenjezeni kuti masabata oyamba si okoma. Tulo timavuta, mtima umapsa msanga, mutu umakhala ngati muli nkhungu, ndipo ambiri amabwerera ku botolo pa nthawi imeneyi poganiza kuti kusiyako n'kumene kukuwadwalitsa. Kumakhala kuli kukhazikika kwa wokankha chitseko uja. Ngati mumasutanso fodya, dziwani kuti ubongo wa osuta umachira mochedwerapo.

Mwina mukufuna kudziwa ngati kungochepetsa kungakwane. Kwa munthu womwa mopitirira pang'ono koma thupi lisanazolowere, ndimavomera kuchepetsa. Kwa inu, amene manja ayamba kale kunjenjemera, mwataya kale masiku awiri, ndiponso kwanu kuli mbiri yotere, maganizo anga ndi akuti musiyiretu. Ubongo umene unaphunzira kukankha chitseko suiwala, ndipo mabotolo awiri a lero sachedwa kubwerera pa 10.

Pitani kuchipatala sabata ino, ndipo mukanene nambala yeniyeni ya mabotolo, za kunjenjemera, za masiku awiri aja ndi za amalume. Dokotala akamva nambala yochepetsedwa amaperekanso chithandizo choperewera. Mukapemphe kuti akuyezeni chiwindi, shuga, kuthamanga kwa magazi ndi vitamini B12, komanso chithokomiro, HIV ndi chindoko, chifukwa nazonso zimayambitsa kuiwala ndipo zili ndi mankhwala. Mukafunse za thiamine. Mukadutsa masiku oyambirira, pali mankhwala ngati naltrexone ndi acamprosate ochepetsa chibaba, ndipo amathandiza kwambiri akaphatikizidwa ndi uphungu kapena gulu la anthu amene akulimbana ndi vuto lomweli. Muganizirenso chimene muzidzachita pa ola lowerukira kuntchito lija, chifukwa kwa zaka zambiri miyendo yanu yakhala ikudziwa njira imodzi yokha, ndipo anzanu otama aja adzakhala akukuyembekezani pamalo pomwepo.

Munthu mmodzi wa m'nyumba mwanu adziwe zonsezi. Mumuuze kuti akadzaona mwasokonezeka mutu, mukuphupha, mukuona zinthu ziwiriziwiri kapena zoti palibe, kapena mukudzandira musanamwe, asadikire kuti kuche, athamangire nanu kuchipatala ndipo akanene kuti mumamwa. Pamene mukudikira tsiku lokaonana ndi dokotala, musawonjezere mowa ndipo musausiye mwadzidzidzi, idyani musanamwe, makiyi a galimoto asiyeni kunyumba, ndipo botolo lililonse mulilembe pa pepala nthawi yomweyo mukangolitsegula. Pepala limenelo mupite nalo kuchipatala.